Mafunso Anu a Zakudimba: Kubzala Pamene Madzi Ali Ochepa

Makalata a mwezi uno pafupifupi onse akudandaula za madzi. Ena bilu yawalemera, ena chitsime chaphwa, ena mbewu zikufota chonsecho akuthirira m'mawa ndi madzulo. Tasankhapo angapo ndipo tawafupikitsa.

Ndili ndi kapinga kumaso kwa nyumba, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mnyamata wa pabwalo amathirira ndi payipi tsiku lililonse, koma ikafika Okutobala kapingayo amakhalabe wachikasu. Ndimuzule? — Bambo wa ku Area 47, Lilongwe

Bambo, tiyambe ndi masamu. Kuti kapinga akhale wobiriwira m'chilimwe amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata. Bwalo lanulo ndi masikweya mita 200, ndiye kuti malita 5,000 pa sabata, 20,000 pa mwezi. Imeneyo ndi migolo 100 ya malita 200. Kathiriridwe ka tsiku ndi tsikuko nakonso kakukupwetekani. Kuwaza pang'onopang'ono kumanyowetsa masentimita awiri kapena atatu a pamwamba okha, ndipo poti mizu imalondola chinyezi, imangoyanga pamwamba pomwepo, pamene dzuwa limaumitsa isanakwane 10 koloko.

Musazule yense. Siyani kachigawo ka masikweya mita 40 kapena 50 pamene ana amasewerapo. Thirirani kamodzi pa sabata, mamawa dzuwa lisanakwere, koma mokhathamiritsa. Ikani kachitini pa kapingapo. Madzi akafika masentimita awiri ndi theka m'kachitinimo, tsekani mpopi. Potchetcha musapalire mpaka kudothi, siyani udzu wotalika masentimita 5 mpaka 7, ndipo wotchetchedwawo usiyeni pomwepo uwolerane. Dziwaninso kuti kapinga wathu wamba akauma m'chilimwe sanafe. Mvula yoyamba ikagwa amaphukanso pasanathe sabata ziwiri.

Kotsalako zulani ino nyengo youma, n'kuyanika mizu yake padzuwa, chifukwa kadutswa kalikonse kotsala m'dothi lonyowa kamamera. Pangani mabedi a alovera, khonje, bougainvillea ndi frangipani. Zomera zokonda madzi, monga marozi, zikhale pamodzi pafupi ndi mpopi. Mukasakaniza rozi ndi alovera pa bedi limodzi, chimodzi chidzafa ndi ludzu kapena chinacho chidzaola. Tinjira yalani zidutswa za njerwa pamchenga popanda simenti kuti mvula izilowa pansi. Tikukuletsani kuyala pulasitiki yakuda kunsi kwa miyala ya kwale monga achitira ena m'tauni: dothi limapsa, mizu imasowa mpweya, ndipo mvula yonse imathamangira kumsewu.

Alangizi amati tiziphimbira mbewu ndi mitengo, koma apongozi anga akuti zinyalala zimaitana chiswe ndi njoka, pakhomo pazisesedwa mbee. Zoona n'ziti? — Mayi wa ku Mponela

Mayi, apongozi anu sakunama kotheratu. Mulu waukulu wa zinyalala wotsamira khoma umasungadi njoka ndi makoswe, ndipo chiswe chingakwere nawo kudenga. Choncho mamita awiri kuzungulira nyumba, ndi njira yopita kuchimbudzi ndi kukhitchini, pitirizani kusesa.

Koma tayang'anani pansi pa mtengo wa mango umene wakhala ukusesedwa zaka khumi. Mizu ili pamtunda, dothi ndi louma gwa ngati losinja, ndipo njerwa za maziko a nyumba zimene zinali zokwiririka zayamba kuonekera. Tsache limachotsa dothi pang'ono tsiku lililonse, mvula n'kudzamaliza. Dothi lotere silimwa madzi.

Kuphimbira koyenera n'kotere. Yambani mwathirira kaye, chifukwa mukaphimbira dothi louma, timadzi tochepa timathera m'zinyalalamo osafika pansi. Kenako yalani udzu wouma wopanda njere, mapesi odulidwa, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga kapena masamba a nthochi, kuchindikala kwake masentimita 5 mpaka 8 pa bedi la ndiwo zamasamba, masentimita 10 pansi pa mtengo. Zisakhudze tsinde: siyani mpata wa zala zitatu pa tomato kapena repu, ndi wa chikhatho chathunthu pa mtengo. Zikagundana ndi tsinde khungwa limanyowa n'kuola, ndipo chiswe chimalowera pamenepo. Utuchi wa matabwa ukhale pamwamba pokha. Mukausakaniza ndi dothi, tizilombo touoletsa timalanda chakudya cha mbewu, masamba n'kuchita chikasu.

Za chiswe, chimakonda zouma kuposa zamoyo. Nthawi zambiri chimagwira mbewu imene yafooka kale ndi ludzu, makamaka pamene palibe chouma chilichonse choti chidye. Chikamadya zophimbirazo chimaboola timauna timene madzi amalowera. Ntchito yanu ndi kuwonjezera zophimbira zikachepa. Mvula ikakhazikika mu Januwale, pungulani pa mabedi a masamba kuti nkhono zisaswane.

Tomato wanga akuda ndi kuola kunsi asanapse. Ndapopera mankhwala kawiri koma sizikusintha. Madzi timatunga kutali ndiye ndimathirira ndikapeza mpata. — Mlimi wa ku Lunzu

Achimwene, sungani ndalama za mankhwalazo, amenewo si matenda a tizilombo. Chipatso cha tomato chikamakula chimafuna mchere wa kashiamu, umene umayenda m'mbewu pamodzi ndi madzi. Mukathirira kwambiri lero n'kudumpha masiku asanu, kashiamu safika kumapeto kwa chipatso, ndipo mnofu wa pamenepo umafa n'kuda. Kuchulutsa feteleza wa yureya kumawonjezera vutoli chifukwa masamba amakula msanga n'kulanda madzi. Kuthirira modumphadumpha komweko n'kumene kumang'ambanso zipatso.

Ngati madzi ndi ochepa, chepetsani dimba. Ndi bwino mbewu 20 zothiriridwa pa nthawi yake kusiyana ndi 60 zongolawitsidwa. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala sikweya mita imodzi ya dimba imataya malita 5 mpaka 7 pa tsiku. Pa dothi la katondo lophimbiridwa, thirani kheni imodzi ndi theka ya malita 10 pa sikweya mita masiku atatu alionse. Pa mchenga thirani ochepa koma pafupipafupi, popeza mchenga susunga. Thirirani patsinde, osati pamasamba.

Musamayese ludzu la mbewu ndi maso masana. Dzuwa likaswa mtengo, tomato ndi maungu amafota ngakhale pansi pali ponyowa. Kumbani ndi dzanja masentimita 15, tapani dothi, fumbatani. Likagwirana ngati mbamu ya nsima, madzi alimo. Likamwazika, thirirani. Mbewu imene yafota m'mawa ndiyo ili ndi ludzu lenileni.

Ulendo wina konzani bedi lolowa pansi: mita imodzi m'lifupi, lotsika masentimita 10 mpaka 15 kuyerekeza ndi kanjira, kuti madzi asathawire m'mbali. Pamene khasu limalekezera chaka ndi chaka, masentimita 15 kapena 20 pansi, pamakhala dothi lolimba limene mizu imalephera kuboola. Liswenipo ndi piki mpaka masentimita 30 kapena kuposa. Sakanizani ndowa imodzi ya manyowa okupsa pa sikweya mita. Mbali imene kumachokera mphepo mangani mpanda wa udzu kapena bzalani mzere wa nandolo, chifukwa mphepo yotentha imaumitsa bedi mofanana ndi dzuwa. Mabedi olowa pansiwa ndi a chilimwe basi. M'dzinja amadzaza madzi, ndiye mumabwerera ku okwera.

Ndinamva kuti ena amakwirira mtsuko m'dimba. Zimathandizadi? — Wowerenga wa ku Dedza

Zimathandiza kwambiri pa kadimba kakang'ono ka pakhomo. Mtsuko wadothi uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Dothi lozungulira likauma limakoka madzi kudzera m'khoma la mtsukowo, likanyowa limaleka, ndipo pamwamba pa bedi pamakhala pouma moti udzu sumera wambiri.

Gulani mtsuko watsopano wa malita 10 kapena kuposerapo, wosapaka zonyezimira. Nkhali imene yaphikidwamo ndiwo zamafuta, kapena mtsuko umene anauphikiramo madeya kuti usamadonthe, sizigwira ntchitoyi poti timabowo tinatsekeka. Uyeseni kaye: dzazani madzi, usiyeni usiku wonse. Kunja kwake kukachita thukuta, ndi wabwino. Mukapeza chithaphwi pansi, uli ndi mng'alu. Ukwirireni mpaka m'khosi, kukamwa kutsale masentimita 5 pamtunda, ndipo bzalani mbande zinayi za tomato, mabiringano kapena tsabola mozungulira, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa mtsuko. Sabata yoyamba thiriraninso pamwamba kufikira mizu itaupeza. Vundikirani ndi mbale kapena phale kuti udzudzu usaswane, ndipo wonjezerani madzi akafika theka, kawirikawiri pakatha masiku awiri kapena anayi. Madzi amatope kapena asopo amatseka timabowo. Pofesa njere mtsuko suthandiza, chifukwa njere zimafuna chinyezi cha pamwamba.

Mtsuko ukasowa, botolo la malita awiri lobooledwa ndi singano yotentha malo atatu kapena anayi chakunsi limagwirako ntchito, kungoti limatulutsa madzi kaya dothi lauma kaya lanyowa.

Ndikufuna kugula thanki ya malita 5,000 yokololera madzi a padenga. Idzandikwanira kuthirira chilimwe chonse? Nyumba ndi ya malata, mamita 10 kwa 8. — Mphunzitsi wa ku Kasungu

Aphunzitsi, siidzakwanira, koma denga lanu lili ndi madzi ambiri kuposa mmene mukuganizira. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lanu ndi masikweya mita 80. Chaka chimene kwagwa mamilimita 800, padengapo pamatsika malita 64,000. Tikachotsa otayika, otsala ndi oposa 50,000. Mvula imodzi yokha ya mamilimita 20 ndi malita 1,600.

Vuto ndi posungira. Kadimba ka masikweya mita 20 kamamwa malita pafupifupi 100 pa tsiku, ndiye kuti thanki yanu idzatha m'masiku 50, pamene kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndi masiku oposa 180. Ntchito imene thankiyo ingagwire bwino ndi kupulumutsa mbewu pa ng'amba ya pakati pa dzinja, yonga ya mu 2024 imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, komanso kulera nazale ndi mitengo ing'onoing'ono.

Malita 45,000 otsalawo alowetseni m'nthaka. Payipi ya madzi osefukira ipite ku dzenje kapena ngalande yodzaza zinyalala, mamita atatu kapena kuposa kuchokera pa maziko a nyumba, ndipo mitengo yanu ya zipatso ikhale m'mbali mwake. Poika thanki kumbukirani kuti ikadzaza imalemera matani asanu, choncho pokhalira pake pakhale pa simenti yosalala, popanda mwala wotuluka. Madzi oyamba a mvula iliyonse, malita 40 mpaka 80, apatutseni chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi. Polowera ndi potulukira ikani sefa wa udzudzu, ndipo chivundikiro chizikhala chotseka kuti ndere zisamere komanso ana asagweremo.

Kodi madzi osambira ndi ochapira ndingathirire ndiwo zamasamba? — Mayi wa ku Chilinde

Mayi, osambira ndi otsukuluzira zovala ndi abwino ku nthochi, mapapaya ndi mitengo, koma osati pa masamba kapena chilichonse chodyedwa chosaphika. Ochapira matewera, okhala ndi Jik, ndiponso onse a m'nyumba imene muli wotsegula m'mimba, atayeni m'chimbudzi chokumba. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700. Madzi oyamba ochapira ndi sopo waufa ali ndi mchere wambiri umene umaumitsa dothi pakapita nthawi, ndiye musawathire malo amodzimodzi. Musawasungenso kupitirira tsiku limodzi, amanunkha.

Njira yosavuta ndi dzenje la nthochi kuseri kwa bafa. Kumbani dzenje la mamita awiri kukamwa, lakuya masentimita 60 mpaka mita imodzi, dothi lake muunjike m'mphepete. Dzazani mapesi, masamba ndi timitengo mpaka pamwamba kuti madzi asaonekere. Pa mulu wa m'mphepetewo bzalani nthochi zinayi kapena zisanu, pakati pake mbatata. Ana a nthochi achokere m'munda wopanda matenda a chisaka. Dzenjeli litalikirane ndi chitsime mamita 30. Ngati kwanuko madzi ali pafupi ndi pamtunda, kapena dzenje likusunga madzi kupitirira tsiku, njirayi si yanu.

Kuno kumatentha kwambiri ndipo mjigo wathu ndi wamchere. Mitengo imene ndinabzala chaka chatha yonse inauma, chonsecho anandiuza kuti ndi yopirira chilala. — Bambo wa ku Ngabu, Chikwawa

Bambo, mtengo umapirira chilala ukakula, mizu itafika pansi. Mbande ya m'chubu ili ngati khanda, chaka choyamba imafuna kuleredwa. Ambiri amabzalanso mochedwa, mu Malichi, mvula ili pafupi kutha. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma ku Chigwa cha Shire musadikire kumapeto. Bzalani mvula ikangokhazikika.

Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe. Dothi la pamwamba lisakanizeni ndi ndowa imodzi ya manyowa okupsa n'kulibwezera pansi. Chotsani chubu, ndipo mizu yopotana kunsi idulenipo, apo ayi mtengo udzapinimbira. Musakwirire tsinde kupitirira pamene dothi la m'chubu linalekezera. Umbani mkombero wa mita imodzi wosunga madzi, phimbirani, ndipo tchingani ndi minga kapena njerwa, chifukwa mbuzi zimapha mitengo yambiri yomwe timanamizira dzuwa. Chilimwe choyamba mtengo uliwonse ulandire chigubu chimodzi cha malita 20 pa sabata, chonse nthawi imodzi. Chaka chachiwiri, kamodzi pa sabata ziwiri.

Yoyenera kwanuko ndi masau, bwemba, nimu, mlambe, cham'mwamba, ndi nsangu m'munda, umene umayoyola masamba m'dzinja moti sutchinga chimanga kapena mapira. Cham'mwamba chofesa njere, masentimita awiri pansi, chimakhala ndi muzu wautali ndipo chimapirira kuposa chobzala nthambi. Chikafika mita imodzi ndi theka chiduleni nsonga kuti chichite nthambi zofikirika. Bulugamu asayandikire dimba kapena chitsime.

Madzi amchere amafuna kathiriridwe kosiyana. Mukamathira pang'onopang'ono, madzi amauma n'kusiya mchere woyera pamwamba, masamba n'kupsa m'mphepete. Thirani ambiri nthawi imodzi kuti mchere utsike kupitirira mizu, phimbirani mochindikala, ndipo musanyowetse masamba. Pa dothi la makande limene silitsitsa madzi, mchere umangounjikana, ndiye kwezani bedi ndi kuthira manyowa ambiri. Nyemba, anyezi ndi karoti sizipirira mchere ngakhale pang'ono. Bitiruti ndi sipinachi zimayesetsa, tomato ali pakati.

Tisaiwale ndiwo zathu. Khobwe ndi chitambe chake, nandolo, therere, denje, bonongwe, luni, chidede, kholowa ndi chigwada zimakhala ndi madzi ochepa kusiyana ndi kabichi. Zikachuluka kumapeto kwa dzinja, futsani, yanikani pamthunzi podutsa mphepo, sungani m'chikwatu. Mfutso wa mu Epulo ndi ndiwo ya mu Okutobala imene simunatungire madzi.

Alovera wanga akufewa patsinde n'kugwa. Ndimamuthirira bwinobwino. — Wowerenga wa ku Zomba

Kuthirirako n'kumene kukumupha. Zulani, dulani poola ponse ndi mpeni woyera, muikeni pamthunzi masiku asanu kapena sabata kuti bala liume. Bzalani pa kachulu kokwera masentimita 20, dothi losakaniza theka ndi theka ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo musathirire kwa sabata imodzi. Akagwira, kamodzi pa sabata ziwiri kapena zitatu m'chilimwe n'kokwanira, m'dzinja ayi. Ameneyu musamuphimbire ndi udzu, ikani timiyala. Mtundu wathu wa Aloe cameronii umafiira masamba nthawi youma, ndipo kumeneko ndi kukongola kwake, si ludzu. Pemphani ana ake kwa anzanu kapena gulani ku nazale, musakazule kuphiri.

Puloti yanga ili pamtsetse. Mvula ikagwa madzi amakokolola dothi, chilimwe n'kukhala gwa. Ndikumbe maswale? Nanga mpanda wa nkhadze? — Bambo wa ku Bangwe, Blantyre

Yezani kaye kutsetsereka. Ngati pa mamita 10 malo akutsika kupitirira mita imodzi ndi theka, kapena kumunsi kwanu kuli nyumba ya munthu, musakumbe swale, imene ndi ngalande yopingasa mtsetse yosunga madzi. Dothi la pamtsetse likakhuta madzi limatha kugumuka lonse, monga zinachitikira m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pamalo otere bzalani udzu wa vetiva.

Pezani mzere wopingasa mtsetse, wosakwera kapena kutsika, pogwiritsa ntchito chida cha mitengo itatu chooneka ngati chilembo A, chokhala ndi chingwe ndi mwala pakati, khomani zikhomo. Gawani phata la vetiva m'timagulu ta mapesi atatu, dulani masamba atsale masentimita 20, mizu masentimita 10. Bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15 kumayambiriro kwa dzinja. Pofera pabwezereni msanga, chifukwa mpata umodzi umasonkhanitsa madzi onse n'kuyambitsa chigwembe. Mzere wotsatira ukhale pamene malo atsika mita imodzi. Mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu osayanga m'mbali, choncho salimbana ndi mbewu, ndipo pakatha zaka ziwiri dothi lotsakamira kumtunda kwake limapanga kakhonde kobzalapo. Muzimudula kawiri pa chaka pa msinkhu wa bondo, masambawo n'kuphimbirira mitengo.

Pamene pali potsetsereka pang'ono chabe, swale ya masentimita 50 m'lifupi ndi 30 mpaka 40 kuya ndi yokwanira. Pansi pake pakhale pofanana kuyambira uku mpaka uko, dothi liunjikidwe kumunsi, ndipo siyani potulukira madzi osefukira poyalidwa miyala.

Nkhadze imapiriradi chilala ndipo imamera ndi nthambi chabe, koma utomoni wake ukalowa m'maso umawotcha koopsa, mwina mpaka kuwononga diso. Pakhomo pa ana sitikulimbikitsa. Ngati ilipo kale, podula valani magalasi, ndipo utomoni ukagwera m'diso tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa n'kuthamangira kuchipatala. Khonje ndi mpanda wabwino, kungoti muzidula minga ya kunsonga mbali ya kunjira. Lantana musabzale, mbalame zimamwaza njere zake ndipo amalanda tchire lonse. Bougainvillea woyanga pa waya amatseka bwino m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo akagwira muchepetse madzi, chifukwa wothiriridwa kwambiri amachulutsa masamba, maluwa osaoneka.